Kusankha revolver yaikulu yoyenda nayo m'nkhalango

Anthu ambiri akafuna mfuti ya m'manja ngati revolver, ija yokhala ndi silinda yozungulira momwe mumalowa zipolopolo, yoti aziyenda nayo kutchire amayamba ndi kufunsa kuti chipolopolo champhamvu kwambiri ndi chiti, ndipo ine ndimaona kuti mpamene amasokerera pamenepo. Funso loyambira ndi lakuti ndi mfuti iti yomwe mudzavomere kukhala nayo pathupi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, thukuta lili kamukamu, chikwama kumsana, mukukwera phiri, komanso yomwe mungaisolole ndikumenya pomwe mwalozetsa kawiri katatu motsatizana mtima ukugunda kwambiri. Mfuti yomwe ikukwanitsa ziwirizi ndiye yanu, kaya nambala yake, ija yosonyeza kukula kwa chipolopolo monga .357 kapena .44, ndi yaing'ono kuposa ya mnzanu zilibe kanthu.

Musanapite kushopu yambani mwafufuza malamulo a komwe mukukayendako, chifukwa amasiyana kwambiri dziko ndi dziko ndipo nthawi zina dera ndi dera. Ku America kuyambira mu February 2010 munthu amaloledwa kukhala ndi mfuti m'mapaki a dziko lonse, ma national park, ngati malamulo a state, kapena kuti dera, yomwe pakiyo ili akumulola, koma kuwombera m'pakimo ndi nkhani ina, nkoletsedwa ndipo mukawombera mudzayenera kufotokoza bwino. Ku Canada mfuti za m'manja amazikhwimitsa kwambiri, chilolezo choyenda nayo kutchire amapatsa anthu ochepa omwe ntchito yawo ndi ya kutchire komweko monga otchera misampha. Ku Britain mfuti za m'manja zambiri zinaletsedwa mu 1997. Ku Alaska, dera la ku America, mukapha chimbalangondo podziteteza lamulo limati mukanene kuboma ndikupereka chikopa ndi chigaza chake, simutenga kanthu. Ndiye laisensi ndi malamulo zikhale bwino kaye, zinazi pambuyo.

Kenako dzifunseni moona mtima kuti kunkhalango komwe mumayendako kuli chani. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa nkhalango yomwe choopsa chake ndi agalu olusa, nguluwe, puma (nyama yolusa ya mtundu wa mphaka) kapena chimbalangondo chakuda, ndi nkhalango ya ku Alaska kapena Montana komwe kuli grizzly, chimbalangondo chachikulu chofiirira chomwe chachimuna chimatha kupitirira makilogalamu 300, mafupa okhuthala, minofu ndi mafuta mulu. Kulinso moose, nyama yaikulu ya mtundu wa agwape, yomwe anthu amaiderera chifukwa imadya masamba koma yaikazi ikakhala ndi mwana imaponda munthu osabwerera m'mbuyo. Kwa gulu loyambalo .357 Magnum yokhala ndi zipolopolo zolemera imakwana ndithu. Kwa gulu lachiwirilo mpomwe nkhani ya .44 kupita m'mwamba imayambira.

Ndinenenso chinthu chimodzi chomwe ogulitsa sakonda kunena, revolver iliyonse wamba ndi yofooka mukaiyerekeza ndi mfuti yaitali. Chipolopolo cha .44 Magnum cha magileni 240, omwe ndi pafupifupi magalamu 15 ndi theka, chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 400 pa sekondi, pomwe cha .30-06 cha magileni 180 chimatuluka pa mamita opitirira 800 pa sekondi ndipo mphamvu yake ndi pafupifupi katatu. Chifukwa chomwe timanyamulira revolver si mphamvu ayi, koma kuti imakhala pathupi pomwe manja onse ali bize, mukuwedza, mukutola nkhuni, mukusenda nyama, nthawi yomwe mfuti yaitali mwaitsamiritsa pamtengo uko. Ndipo sipuleyi ya tsabola yothamangitsira zimbalangondo musaisiye chifukwa choti mwagula mfuti. Akatswiri ofufuza za zimbalangondo Tom Smith ndi Stephen Herrero pamodzi ndi anzawo anaunika zomwe zinachitika ku Alaska, mu 2008 anapeza kuti sipuleyi inaletsa zimbalangondo zofiirira pa zochitika 92 mwa 100 zilizonse, ndipo mu 2012 ataunika zochitika 269 za anthu omwe anali ndi mfuti anapeza kuti za m'manja zinathandiza pa 84 mwa 100 pomwe zazitali pa 76 mwa 100. Anthu amakangana kwambiri za manambalawa koma ine chomwe ndimatengapo nchoti zida ziwirizi zimathandizana, sipuleyi imalephera kukakhala chimphepo chochokera kutsogolo, mfuti imalephera mwini wake akanjenjemera.

Tsopano za zipolopolo

.357 Magnum inatuluka mu 1935 ndipo mpaka lero ndi poyambira pabwino. Siili m'gulu la zikuluzikulu kwenikweni koma ndaiyika dala chifukwa anthu ambiri omwe amagula .44 akanachita bwino kugula iyi, amatha kuiwombera bwino, zipolopolo zake zimapezeka paliponse, ndipo imalandiranso .38 Special zomwe ndi zofewa zochitira pulakatisi. Ruger GP100 kapena Smith & Wesson 686 ya mpope wa mainchi 4 yokhala ndi zipolopolo zolimba za magileni 180 si choseweretsa ayi.

.41 Magnum ya mu 1964 ndi yabwino kwambiri, imakankha pang'ono kuchepera .44, koma vuto lake zipolopolo zake nzosowa ndipo ilibe mng'ono wake wofala wotchipa wochitira pulakatisi, ndiye ngati simudzipangira nokha zipolopolo ingoidutsani.

Pa .44 Magnum mpomwe ndikufuna tikhalitsepo. Inatuluka mu 1955 Smith & Wesson ndi Remington atamvera Elmer Keith, mlenje yemwe kwa zaka zambiri ankadzaza onga wochuluka m'zigoba za .44 Special mpaka makampani anaona kuti bola angopanga chigoba chachitali pang'ono ndi mfuti yolimba yoti ipirire. Ubwino wake waukulu lero ndi woti mfuti imodzi yomweyo imakhala ngati muli ndi zitatu. Mutha kuikamo .44 Special yomwe imakankha mofatsa moti ndi wophunzira yemwe amaiwombera osaopa, mutha kuikamo zanthawi zonse za magileni 240 zomwe zimakwana pa agwape ndi nguluwe, kapena zolemera za magileni 300 kapena 305 za kumalo a grizzly. Makampani pafupifupi onse opanga zipolopolo amapanga .44 Magnum, ma holster ake, zikwama zoikamo mfuti zovala pathupi, ali mbwee, ndipo kukankha kwake ngakhale nkwamphamvu munthu wamba yemwe wachita khama amakuzolowera. Munthu akandifunsa kuti ndingotchula imodzi basi, ndimati .44 Magnum yachitsulo, double action (yongokoka tiriga basi kuti iwombe), mpope wa mainchi 4 kapena kufupi ndi pamenepo.

.45 Colt ndi yakalekale, ya mu 1873, ndipo pano pamafunika kusamala. Zipolopolo zake wamba nzofewa, pulesha yomwe onga wake umapanga ukapsa siipitirira 14,000 psi (muyeso wa pulesha) chifukwa amaganizira mfuti zakale, koma kuli zina zodzaza mwamphamvu zomwe zimafika pa .44 Magnum ndipo amalemba pabokosi kuti nza mfuti zolimba zokha monga Ruger Blackhawk ndi Redhawk. Zimenezo mukaziika mu Colt Single Action Army kapena zofanana nayo, kapenanso mu Ruger New Vaquero yomwe fulemu yake, thupi la mfutiyo, ndi yaing'ono, mutha kuphulitsa silinda m'manja mwanu. Werengani pabokosi, osangoona nambala yokha kuti yafanana.

Kupitirira apo ndiye tikulowa kwa zilombo zenizeni. .454 Casull, ya Dick Casull, yomwe Freedom Arms inayamba kuipangira mfuti mu 1983, imafika pulesha ya 65,000 psi pomwe .44 Magnum imalekera pa 36,000, ndipo kukankha kwake nkwakuthwa, kumakwapula dzanja. Ubwino wake imalandiranso .45 Colt. .480 Ruger imaponya chipolopolo chachikulu cholemera pa liwiro locheperapo ndiye imakankha mokankha osati mokwapula, ambiri amaipirira bwino kuposa Casull, koma zipolopolo zake nzovuta kupeza. .500 S&W Magnum inabwera mu 2003 ndipo .460 S&W mu 2005, zonse pa fulemu yaikulu ya Smith ndi Wesson yotchedwa X, zimalowa zipolopolo zisanu, ndipo .460 imalandiranso .454 Casull ndi .45 Colt. Izi ndi mfuti zosakira, zabwino kwambiri pa ntchito imeneyo, munthu atakhala pansi mfuti ataitsamiritsa pa chinthu. Koma zoyenda nazo tsiku lonse kuti mwina mwake china chake chikakutulukirani, ine sindizilimbikitsa, .500 ya mainchi 4 imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka isanalowe zipolopolo ndipo ya mpope wautali imafika makilogalamu awiri. Ndipo ngakhale mutaipirira kulemerako, nthawi yomwe mpope wadumphira m'mwamba ndikuubweza pa chandamale ndi nthawi yomwe mulibe.

Chimbalangondo cha grizzly chimathamanga makilomita opitirira 50 pa ola, kutanthauza mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Chikatulukira pa mamita 30, zomwe m'nkhalango yowirira ndi patali kale, muli ndi masekondi awiri basi oti muzindikire, musolole, mulozetse, muwombere. Pamenepo chipolopolo cha .500 chomwe chadutsa pamwamba pa msana sichinakuthandizeni kalikonse. Mu 2016 Phil Shoemaker, yemwe wakhala akuperekeza alenje ndi asodzi ku Alaska kwa zaka zambiri, anapha chimbalangondo chofiirira chomwe chinathamangira makasitomala ake ndi pisito ya 9mm yokhala ndi zipolopolo zolimba za kampani ya Buffalo Bore. Sindikunena kuti mukagule 9mm ayi, iye ndi katswiri wodziwa pomenya ndipo mtima wake unali m'malo, chomwe nkhaniyi ikuonetsa nchoti kumenya pamalo pake ndi chipolopolo cholowa mkati kwambiri ndi zomwe zinagwira ntchito tsiku limenelo.

Ena afunsa kuti nanga bwanji osangotenga pisito ya 10mm ngati Glock 20 yomwe imalowa zipolopolo 15, ndipo ndi funso labwino, asilikali a Denmark a gulu la Sirius omwe amalondera ku Greenland komwe kuli zimbalangondo zoyera amanyamula yomweyo. Koma revolver ili ndi zake, imawomba ngakhale mpope utakanikizidwa pathupi la chinyama pomwe pisito silaidi yake, gawo lapamwamba lija loyenda, ikakankhidwira m'mbuyo pang'ono imakana, imawomba ngakhale mwaigwira mofooka ndi dzanja limodzi mutagwa chagada, chipolopolo chimodzi chikakana mumangokokanso tiriga, ndipo siisankha maonekedwe a chipolopolo, chaphwatalala kutsogolo chimalowa bwinobwino.

Kulemera, mpope ndi kachitidwe kake

Pa kulemera mpomwe pali msampha weniweni chifukwa mbali zonse ziwiri zimaluma. Mfuti yolemera imameza kukankha koma imatopetsa kunyamula, yopepuka imanyamulika koma imalanga dzanja. Smith & Wesson 329PD ndi chitsanzo, fulemu yake ndi ya aluminiyamu wosakaniza ndi scandium, silinda ya titanium, imalemera magalamu 700 ndi kenakake basi, kunyamula kwake ndi kosangalatsa zedi mpaka mumaiwala kuti ilipo, koma mukaikamo .44 Magnum yodzaza imapweteka moti anthu ambiri akawombera silinda imodzi safunanso, ndipo mfuti yomwe simufuna kuchita nayo pulakatisi simudzamenya nayo. Mbali inayo kuli Ruger Redhawk ya mainchi 4.2 yomwe imalemera pafupifupi makilogalamu 1.3, yolimba kwambiri, silinda yake ndi yaitali moti imalandira zipolopolo zolemera zazitali zomwe mu mfuti zina sizikwana. Pakatikati pali Smith & Wesson 629 ya mainchi 4, pafupifupi makilogalamu 1.2, tiriga yake ndi yosalala bwino, komanso Model 69 yomwe inatuluka mu 2014 pa fulemu yaing'onopo ya L, imalowa zisanu m'malo mwa zisanu ndi chimodzi ndipo imangopitirira kilogalamu imodzi pang'ono. Ineyo 69 ndimaiona kuti inaganiziridwa bwino pa ntchito yoyenda nayo, chipolopolo chimodzi chomwe mwatayacho sichipweteka kwenikweni poti pa masekondi awiri aja palibe yemwe amatsiriza silinda yonse. Colt Anaconda inabwereranso mu 2021 ndipo ndi yabwino koma nayo ndi yolemera. Nde kwa ambiri malo abwino ali pakati pa kilogalamu imodzi ndi 1.3, ndipo kumbukirani kuti zipolopolo zisanu ndi chimodzi zolemera zimaonjezeranso magalamu opitirira 150.

Sankhani yachitsulo chosachita dzimbiri msanga, chija cha stainless. Kutchire kuli mvula, mame, thukuta, mitsinje yowoloka, ndipo mfuti yakuda ija yokongola imayamba madontho a dzimbiri usiku umodzi wokha mukaisiya mu holster yonyowa.

Mpope wa mainchi 4 mpaka 5 ndi womwe ndimaukonda. Waufupi kwambiri ngati wa Ruger Super Redhawk Alaskan, mainchi 2.5, umasololeka msanga ndipo sukola m'zitsamba, koma onga wina umapsera panja, liwiro limatsika, phokoso ndi moto zimachuluka, komanso masaiti, zolozetsera zija za pamwamba pa mfuti, yakutsogolo ndi yakumbuyo zimayandikana ndiye kalakwitsidwe kakang'ono polozetsa kamakula. Ndipo chodabwitsa Alaskan yo siipepuka kwenikweni ngakhale ndi yaifupi, imalemera ngakhale kuposa pang'ono 629 ya mainchi 4. Wa mainchi 6 kupita m'mwamba ndi wabwino ngati mukufunanso kusakira mfuti yomweyo, madera ena malamulo a ulenje amatchula ndithu kutalika kwa mpope komwe akufuna, koma posolola umachedwetsa. Za mpope wobowola pamwamba kuti usadumphe kwambiri, zimathandizadi koma phokoso limabwerera kwa inu, ndipo kutchire simudzakhala mutavala zotseka m'makutu. Magnum iliyonse imapitirira madesibelo 150, kuwomba kamodzi kokha kutha kukusiyirani kulira kwa m'makutu kosatha, ndiye pa pulakatisi valani zotsekera ziwiri, zolowetsa mkati ndi zophimba kunja, ndi magalasi omwe.

Pa nkhani ya single action ndi double action, kwa mfuti yodzitetezera tengani double action. Single action ngati Ruger Super Blackhawk ndi yolimba, yotchipirapo, chogwirira chake chimalola mfuti kugudubukira m'mwamba m'dzanja ndiye kukankha kumamveka bwino, ndipo alipo anthu omwe anakulira pa mfuti zimenezi omwe amathamanga nazo modabwitsa. Koma imafuna mukoke hamala, kachitsulo kakumbuyo komenya chipolopolo, ndi chala chachikulu musanawombe ulendo uliwonse, ndipo zala zikachita dzanzi ndi kuzizira, kapena dzanja lina lili mkamwa mwa chinyama, sitepe imeneyo ndi yomwe imasowa. Double action mumangokoka tiriga basi, ndi yolemerapo kukoka kwake, makilogalamu 5 kapena kuposa, koma imaphunzirika. Ngati mwasankhabe single action onetsetsani kuti ili ndi transfer bar, kachitsulo kamene kamaletsa hamala kugunda chipolopolo pokhapokha tiriga itakokedwa, Ruger inayamba kuika kameneka mu 1973. Zakale zopanda kachitsuloka zimanyamulidwa ndi zipolopolo zisanu, hamala itagona pa bowo lopanda kanthu, apo ayi ikagwa pansi imatha kuwomba yokha.

Chipolopolo chenichenicho

Apa anthu amalakwitsa kwambiri, amagula mfuti yabwino nkuikamo zipolopolo zobowoka kutsogolo zija za hollow point chifukwa ndi zomwe anamva kuti nzoopsa. Zimenezo anazipanga kuti zizifutukuka zikangolowa ndikuima msanga, pa chinyama cha mafupa akuluakulu zimatha kuphwasukira paphewa osafika pomwe pali moyo. Chomwe mukufuna ndi chipolopolo cholemera cha mtovu wolimbitsidwa, hard cast, chaphwatalala kwambiri kutsogolo, chomwe sichipindika, chimathyola fupa nkupitirira molunjika. Ku .357 ndi magileni 180 mpaka 200, ku .44 ndi 270 mpaka 320, ku .45 Colt ndi .454 ndi 300 mpaka 360. Buffalo Bore, Garrett, Underwood ndi HSM ndi ena mwa omwe amapanga zoterezi, kulinso zamkuwa wokhawokha zosafutukuka zomwe zimagwira ntchito yomweyo. Koma werengani chenjezo la wopanga, zina mwa zodzaza kwambiri amatchula mayina a mfuti zomwe zingapirire ndipo ngati yanu palibe pamndandandawo musayesere. Ndiponso simukufunika chodzaza kwambiri pa zonse, cha magileni 300 choyenda pa liwiro lapakatikati chimalowa mkati mokwanira ndipo mumachilamulira bwino.

Pali vuto lina lomwe muyenera kuliyesa nokha musanadalire zipolopolo zilizonse, makamaka pa mfuti yopepuka. Mfuti ikakankha mwamphamvu, zipolopolo zotsala mu silinda zimatha kusololoka pang'onopang'ono kuchoka m'zigoba zake mpaka china chimatulukira kutsogolo kwa silinda nkuitseka kuti isazungulire, mfuti yafa pamenepo. Kuyesa kwake nkosavuta, dzazani silinda, ikani chizindikiro pa chimodzi, womberani zinazo nkusiya chachizindikirocho, chitulutseni muchiyerekeze kutalika ndi chatsopano, kenako chibwezereni mubwerezenso kachiwiri. Chikatalika mooneka sinthani mtundu wa zipolopolo. Chinanso, zipolopolo zolemera zimakonda kumenya m'mwamba kusiyana ndi zopepuka chifukwa zimachedwa kutuluka mpope utayamba kale kukwera, ndiye masaiti anu muwasinthe molingana ndi zomwe mudzanyamule kutchire osati za pulakatisi. Ndipo mukawombera zazifupi ngati .44 Special zambiri, tsukani mabowo a silinda bwinobwino chifukwa zimasiya mkombero wa mwaye womwe umapangitsa zazitali kuvuta kulowa ndi kutuluka.

Chogwirira chisakhale chachikulu moti chala chanu chikulephera kufika bwino pa tiriga, mfundo yoyamba ya chala cholozera izifika pa tiriga mfuti ili molunjika ndi mkono. Cha labala chophimba chitsulo chakumbuyo chimachepetsa ululu kwambiri koma chimatalikitsa kafikidwe ka chala, ndiye a manja ang'onoang'ono muyese kaye. Ngati mumayenda kozizira yesani mutavala magolovesi omwe mumavalawo, muone ngati chala chikulowa momasuka. Saiti yakutsogolo ikhale yooneka msanga, yofiira kapena yowala, poti m'nkhalango yowirira mumakhala kamdima ngakhale masana. Ndipo chonde, chala chilichonse chisayandikire kampata ka pakati pa silinda ndi mpope, mpweya wotentha womwe umatulukira pamenepo pa magnum zikuluzikulu umadula chala ndithu, izi zachitikirapo anthu.

Holster musaitenge ngati chinthu chogula ndi chenji chotsala. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, mfuti yomwe ili mkati mwa chikwama kumsana pa masekondi awiri aja si yanu. Ya m'chiuno ndi yabwino ngati simunyamula chikwama chachikulu, koma lamba wa chikwama amadutsa pomwepo ndiye zimalimbana, nchifukwa chake ambiri oyenda maulendo ataliatali amavala ya pachifuwa. Ya pachifuwa imagawa kulemera pamapewa, imakhala pamwamba pa madzi mukamawoloka, mumaifikira ndi dzanja lililonse ngakhale mutakhala pansi kapena mutagwa, ndipo mukavula chikwama kuti mupume mfuti imatsala pathupi, zomwe nzofunika kwambiri. Iphimbe tiriga yonse, igwire mfuti moti mutawerama kapena kupunthwa isagwe, ndipo kalamba kotsekera kazitseguka ndi chala chimodzi. Posolola pachifuwa samalani kuti mpope usadutse pa mkono wanu winawo, ukwezeni kapena muugoneke pachifuwa, ndipo chala chikhale kunja kwa tiriga mpaka mpope utaloza komwe mukufuna.

Ngati nkotheka musagule musanawombere. Malo ambiri ophunzirira kuwombera amabwereketsa mfuti, yesani .357, yesani .44, ndipo ngati mtima ukufunabe yesani .454. Muyeso wake ndi uwu, pepala lozungulira la masentimita 20 pa mamita 7 mpaka 10, mfuti ili m'manja yoloza pansi kutsogolo, womberani katatu mwachangu ndi double action. Zonse zitatu zikalowa ndipo mukutha kubwereza kangapo osayamba kutsinzina, mfutiyo mukuitha. Zikamamwazika tsikani sitepe imodzi, palibe chamanyazi pamenepo. Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, tsimikizani kaye kuti mulibe chipolopolo, kenako kokani hamala pang'onopang'ono pa bowo lililonse mumve ngati silinda ikukhoma isanafike hamala kumapeto, igwedezeni muone ngati ikusewera kwambiri kutsogolo ndi kumbuyo, yang'anani ming'alu polowera mpope, ndipo zungulitsani silinda itatseguka muone ngati kandodo kotulutsira zigoba kali kowongoka.

Pa bajeti yanu ikanipo ndalama ya zipolopolo zambiri za pulakatisi, bola mfuti yotchipirapo ndi mabokosi khumi a zipolopolo kusiyana ndi yodula ndi bokosi limodzi. Pulakatisi yambiri ichitike ndi zofewa, kenako kumapeto silinda imodzi kapena ziwiri za zolemera zija kuti dzanja lisaziiwale. Mdani wamkulu wa owombera magnum ndi kudzidzimuka, thupi limayamba kukankhira mfuti pansi lisanamve kuwomba ndipo mwini wake sadziwa nkomwe kuti akutero. Kuti mudzigwire, mnzanu akudzazireni silinda mosakaniza zipolopolo zenizeni ndi zigoba zopanda kanthu inu osaona, hamala ikagwera pa chopanda kanthu mudzaona nokha mpope ukugwa pansi. Mankhwala ake ndi kukoka tiriga pa mfuti yopanda zipolopolo kunyumba, mphindi zochepa tsiku lililonse, zipolopolo zenizeni zili chipinda china, mpope utaloza kumalo kotetezeka, mpaka saiti isamagwedezeke hamala ikamagwa. Kusolola mu holster nakonso yambani ndi mfuti yopanda kanthu, mutavala jekete ndi chikwama chomwe mumayenda nacho, ndipo phunzirani kuwombera ndi dzanja limodzi, lamanja ndi lamanzere lomwe.

Mukamatulutsa zigoba lozetsani mpope m'mwamba ndikumenya kandodo kamodzi mwamphamvu, chifukwa mukatulutsa mpope utaloza pansi timibulu ta onga wosapsa timagwera pansi pa kanyenyezi kotulutsira zigoba ndipo kamodzi kokha nkokwanira kupangitsa silinda kukana kutseka. Musananyamuke ulendo uliwonse onani masikuluwu ndi kandodo kaja ngati sizinamasuke, magnum imamasula zinthu ndi kugwedeza kwake. Mukabwerako konyowa itulutseni mu holster, ipukuteni, ipakeni mafuta pang'ono koma osati m'mabowo a silinda poti mafuta amatha kulowa m'chipolopolo nkupha onga, holster iume payokha. Zipolopolo zomwe zanyowapo kapena mwayenda nazo nyengo yonse kaziwombereni pa pulakatisi muike zatsopano, ndipo kunyumba mfutiyo izikhala yokiyiridwa, yopanda zipolopolo, pomwe ana sangafike.